Kabowa ka pa ndere n'kachibale ka yani?

Mvula ikakhazikika ku Angónia, cha mu Januwale ndi Febuluwale, miyala ya m'mphepete mwa timitsinje, makungwa a mitengo yakale ndi m'mbali mwa maenje okumbamo dothi la njerwa mumabiriwira ndi ndere zofewa. A mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumaumitsa chilichonse, saziona kawirikawiri ndere zoterezi. Koma kumtunda kuno, ku Ulongué, ku Tsangano, ku Furancungo ndi m'munsi mwa phiri la Dómuè, lomwe msinkhu wake umapitirira mamita 2,000, chinyontho chimakhalitsa. Mukagwada n'kuyang'anitsitsa pa ndere, tsiku lina mudzapeza tibowa tating'onoting'ono titaima pakati pake, tina tosafika n'komwe kukula kwa chikhadabo cha mwana.

Palibe amene amatizula. Mayi wolowa m'tchire ndi dengu amafuna utale, ndelema, manyame kapena chipindi, ndipo mwana akatola kabowa kachilendo amamuuza kuti, "Taya iwe, n'chirombo chimenecho." Brian Morris, katswiri wa ku Britain amene anakhala zaka zambiri ku Malawi akuphunzira mmene anthu amadziwira zam'tchire, analemba zomwezi: kwa Achewa, bowa ndi amene amalowa mumphika, ndipo wotsalayo amaponyedwa m'gulu la zopanda ntchito. Kagawidwe kameneka si kaumbuli ayi. Kamayankha funso lenileni, loti ndiwo ndi ziti ndipo imfa ili pati, ndipo kasunga mabanja kwa mibadwo yambiri. Koma sayansi imafunsa funso lina: chamoyo ichi chinachokera kwa yani, ndipo abale ake enieni ndi ati? Kabowa kamodzi ka pa ndere kavutitsa akatswiri ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 200.

Tiyambe ndi ndere zomwezo, poti dzinali timaitanira zinthu zingapo. Pali ndere zoterera za pamadzi odikha, ndiye pali zotuwa zouma zomatirira pamiyala. Pano tikunena zachitatu, zofewa zija zimene mukazikoka ndi zala mumaona kuti ndi tizomera tambirimbiri tothithikana, kalikonse kali ndi katsinde ndi timasamba take. Zilibe maluwa, zilibe njere, ndipo zilibe mizu yeniyeni. Zimagwira pansi ndi timaulusi topyapyala, madzi n'kumamwera pathupi ponse, n'chifukwa chake zimakonda pamthunzi ndi ponyowa. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 12,000 ya ndere zoterezi. Chifukwa zimasunga madzi nthawi yaitali, mkati mwake mumakhala tamoyo tambiri, ndipo pali magulu a bowa amene simungawapeze kwina kulikonse koma momwemo.

Kodziwika kwambiri mwa tibowa timeneti ndi kamene lero kamatchedwa Rickenella fibula. N'kofala ku Ulaya ndi ku North America, ndipo n'kumeneko kumene kanafufuzidwa kwambiri. Kachipewa kake kawirikawiri sikapitirira sentimita imodzi m'lifupi, mtundu wake ndi wachikasu wopita ku olenje, ndipo pakati pake pamakhala polowa pang'ono. Kamwendo kake n'kowonda kwambiri, kotalika masentimita awiri mpaka asanu, ndipo kamazika mkati mwa ndere. Mukakatembenuza mumaona timizere topyapyala ta kunsi kwa chipewa, tomwe pano tizititcha tinthiti. Tinthiti take n'totuwirako, n'totalikirana, ndipo sitithera pamene chipewa chakumana ndi mwendo, timapitirira kutsetsereka ndi mwendowo. Ndi galasi lokulitsa zinthu mumaonanso kuti chipewa ndi mwendo womwe zili ndi ticheya tating'ono toima chilili. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wothamanga sangaone chilichonse mwa izi.

Chimene timaona pamwambacho si thupi lonse la bowa. Thupi lenileni ndi maulusi oyera opyapyala kwambiri, oyanga m'dothi, mumtengo wowola, kapena m'ndere. Chipewa ndi mwendo zimatuluka nyengo ikalola, ntchito yake n'kumwaza timbewu tosaoneka ndi maso, kenako zimafota, maulusi aja n'kutsala amoyo. Bowa sapanga yekha chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zimachitira zomera. Amatulutsa timadzi tosungunula chimene wakhalapo, n'kuyamwa. Makoma a maselo ake ali ndi chitin, chinthu chomwecho chimene chimalimbitsa chikamba cha chiwala. Kwa nthawi yaitali mabuku ankamuika pamodzi ndi zomera, mpaka mu 1969 pamene Robert Whittaker wa ku America anaika bowa, nkhungu ndi yisiti mu ufumu wawokha wotchedwa Fungi. Kafukufuku wa DNA, malangizo a m'maselo amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake, anadzaonetsa pambuyo pake kuti ufumu umenewu uli pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera.

Dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri, mwambo umene unakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753. Mawu oyamba ndi a fuko, achiwiri ndi a mtundu weniweniwo. Loyambalo lili ngati chiwongo: mukamva kuti Phiri kapena Banda, mwauzidwa kale kuti munthuyu ndi wa kwa ayani, ngakhale simunamuone. Mafuko apachibale amapanga banja, mabanja amapanga gulu lalikulu, mpaka kukafika ku ufumu. Ndiye ngati umboni waonetsa kuti chamoyo chinapatsidwa chiwongo cholakwika, dzina loyambalo liyenera kusintha, lachiwiri n'kumayenda nacho kulikonse kumene chikupita.

Kabowa kathu kanalandira dzina koyamba mu 1784, kuchokera kwa Pierre Bulliard wa ku France, amene anakatcha Agaricus fibula. Masiku amenewo pafupifupi bowa aliyense wokhala ndi tinthiti ankatchedwa Agaricus, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, wodyedwa ndi wakupha yemwe. Fuko linatupa mpaka dzinalo linasiya kuthandiza. Kuyambira mu 1821, Elias Fries wa ku Sweden anayamba kuligawa poyang'ana mtundu wa timbewu, kaya n'toyera, tofiirira kapena takuda, komanso mmene tinthiti talumikizirana ndi mwendo. Njira ya Fries inali yabwino chifukwa aliyense wa maso akanatha kuitsatira, ndipo inalamulira maphunziro a bowa kwa zaka zoposa 100.

Potsatira maganizo omwewo, Lucien Quélet, dokotala wa ku France, mu 1886 anaika kabowaka m'fuko la Omphalina, momwe munkasonkhanitsidwa tibowa tating'ono ta timbewu toyera, ta chipewa cholowa pakati ndi tinthiti totsetsereka. Poona ndi maso, kankakwanira bwino kwambiri mmenemo. Koma maikulosikopu atayamba kugwiritsidwa ntchito mozama, zinthu za mkati zinayamba kutsutsana ndi za kunja. Mu 1938 Robert Kühner anakasamutsira ku Mycena. Mu 1961 Rolf Singer, mmodzi wa akatswiri akuluakulu a bowa m'zaka za m'ma 1900, anakaika ku Gerronema. Kulikonse kumene kankapita kankafanana ndi anzake pa zina n'kusiyana nawo pa zina. Mu 1973 Jörg Raithelhuber anaona kuti n'kwabwino kukapatsa fuko lakelake, ndipo analitcha Rickenella pokumbukira Adalbert Ricken, wansembe wa Katolika wa ku Germany amene ankaphunzira za bowa ndipo anamwalira mu 1921. N'chifukwa chake m'mabuku mumapeza palembedwa Rickenella fibula (Bull.) Raithelh. Dzina lofupikitsidwa la m'mikutiramawu ndi la amene anayamba kukafotokoza, ndipo lakunjalo ndi la amene anakaika pamene kali lero.

Ena akamva za maina asanuwa amati akatswiri sadziwa chimene akufuna. Ine sindikuona choncho. Aliyense wa anthuwa ankagwira ntchito ndi umboni umene nthawi yake inamupatsa, ndipo dzina likasintha chifukwa umboni wawonjezeka, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Choipa chikanakhala kukakamira dzina lakale pamene zaoneka poyera kuti likunamiza anthu za ubale.

Komabe onse asanuwo ankagwirizana pa chinthu chimodzi chimene palibe ankachikayikira: kabowa kokhala ndi chipewa, mwendo ndi tinthiti n'ka m'gulu lalikulu la Agaricales, momwe muli bowa wambiri wa tinthiti amene timamudziwa. Apa m'pamene DNA inadzagwetsa zonse. Mu 2002, Jean-Marc Moncalvo, Rytas Vilgalys, Scott Redhead ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kuyerekezera DNA ya mitundu mazanamazana ya bowa. Mfundo yake njosavuta kuimva: zamoyo zimene zinasiyana makolo posachedwapa zimakhala ndi DNA yofanana kwambiri, ndipo zimene zinasiyana kalekale zimakhala zitasonkhanitsa kusiyana kochuluka. Kompyuta imawerenga kusiyanako n'kujambula mtengo wa ubale. Pamtengo umenewo Rickenella sanapezeke pafupi ndi Mycena, kapena Omphalina, kapena Gerronema. Sanapezeke n'komwe mu Agaricales. Anakagwera m'gulu lina lotchedwa Hymenochaetales.

Kuti mumve kudabwitsa kwake, kumbukirani zibowa zolimba gwa zimene zimamera chopingasa pazitsa ndi pamathunthu a mitengo, zopanda mwendo, zimene ngakhale mpeni umavutika kudula. Zina mwa izo, monga za fuko la Phellinus, ndi za gulu limeneli, lomwe Franz Oberwinkler analikhazikitsa mu 1977. Kunsi kwake kulibe tinthiti, kuli timabowo. Mnofu wake ndi wofiirira, ndipo mukadonthezapo mankhwala a potassium hydroxide umada bii. Zimadya mitengo, zina zimakhala zaka zambiri pamalo amodzi. Kabowa kofewa ka olenje kamene mungakaphwanye ndi zala ziwiri kali pachibale chapafupi ndi zimenezi kusiyana ndi tibowa tina ta pa ndere yomweyo tomwe tikufanana nako kwambiri.

Zimatheka bwanji? Yankho lili pa ntchito ya tinthiti. Timbewu timapangidwa pakhungu la kunsi kwa chipewa, ndipo khungu limenelo likapindidwapindidwa kukhala tinthiti, malo opangira timbewu amawirikiza kambirimbiri popanda kukulitsa chipewa. Mwendo umakweza chipewa kuti timbewu tikagwa tipezane ndi mphepo, ndipo kwa kabowa kokhala pakati pa ndere zothithikana, kutulukira pamwamba n'kofunika kwambiri. Kamangidwe kothandiza chonchi kanatulukira kangapo konse m'mibadwo yosiyana ya bowa, uliwonse paokha. Choncho kufanana kwa maonekedwe nthawi zambiri kumanena za moyo wofanana, osati za kholo limodzi.

Dengu la mayi uja likuchitira umboni zomwezi. Utale, umene chiswe chimalima m'chulu, ndi wa fuko la Termitomyces, mu Agaricales. Ndelema wa pansi pa mitengo ya miombo alinso mu Agaricales, m'fuko la Amanita. Koma chipindi, chija chothyoka msanga, chili m'gulu lina, la Russulales. Manyame ali kwinanso, mu Cantharellales, ndipo mukawayang'anitsitsa mudzaona kuti mizere yake ya kunsi si tinthiti tenitenti koma makwinya a mnofu womwewo. Ndiwo za mumphika umodzi, magulu akuluakulu atatu.

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa nkhani ya ubale ingasokoneze munthu. Ubale wa sayansi sunena kuti bowa ndi wodyedwa. Ndelema amene timadya mosangalala ali m'fuko limodzi ndi Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri padziko kuposa wina aliyense. Pa ndere pamameranso tibowa tofiirira ta fuko la Galerina, ndipo mitundu ina ya fuko limeneli ili ndi poizoni yemweyo wowononga chiwindi, amene amayamba kuonetsa zizindikiro patapita maola ambiri munthu atadya. Mawu a agogo oti tibowa tosadziwika tisamalowe mkamwa ngoona ndithu, ndipo palibe buku la sayansi limene lawafafaniza.

DNA itang'amba fuko lakale la Omphalina, zidutswa zake zinamwazikira kutali. Tibowa tina tinapezeka kuti timakhalira limodzi ndi ndere zobiriwira za selo limodzi zimene zimatipatsa chakudya, ndipo mu 2002 tinapatsidwa fuko la Lichenomphalia. Tina totuwa tinapita ku Arrhenia. Mafuko awiriwa anatsala mu Agaricales, m'banja la Hygrophoraceae. Koma Loreleia ndi Contumyces, mafuko amene anakhazikitsidwa m'chaka chomwecho, anatsatira Rickenella ku Hymenochaetales, ndipo pambuyo pake anawonjezekera Blasiphalia ndi Muscinupta. Womalizayu ndi kanthu koyera kooneka ngati kakhutu, kopanda tinthiti n'komwe, komera pa ndere. Pa za banja, mabuku ena amaika mafukowa mu Repetobasidiaceae, pamene ena amatsatira Alfredo Vizzini wa ku Italy, amene mu 2010 anapereka dzina loti Rickenellaceae. Mukapeza maina awiriwa pa intaneti, si kuti wina walakwitsa kulemba. Nthambi imeneyi ya mtengo wa ubale ikukonzedwabe.

Funso limene ine limandikoka mtima kwambiri ndi la chakudya. Kabowaka kamatani ndi ndere? Kamazidya zamoyo, kamadya zakufa zokha, kapena kamangokhala nazo? Akatswiri ena anafotokoza kale kuti anaona maulusi ake ataboola timaulusi togwira pansi ta ndere, zimene zinkasonyeza kuti kamayamwa kuchokera ku chomera chamoyo. Koma aliyense woyenda m'tchire amaona kuti ndere zimene kameramo zimakhala zobiriwira bwinobwino, osaonetsa kudwala. Mu 2018 Hailee Korotkin, Brandon Matheny ndi anzawo a ku University of Tennessee anabwereranso ku funsoli ndi zida zatsopano. Anapeza DNA ya kabowaka m'zigawo zobiriwira za ndere komanso m'zigawo zakale zimene zikufa. Atakulitsa ziwirizi pamodzi mu labotale, sanaone kuti ndere zikuvutika. Ndipo mu DNA yake muli malangizo opangira timadzi tosungunula zotsalira za zomera, monga alili abale ake odya mitengo aja. Chithunzi chimene chikutuluka ndi cha bowa wokhala mwakachetechete mkati mwa chomera chamoyo, wokhozanso kudya zigawo zake zikafa. Ndere zimakula kumutu uku zikufa kumunsi, choncho chakudya choterocho sichitha.

Si onse a pa ndere amene ali ofatsa chonchi. Pali timbale ta olenje ta fuko la Octospora, tosapitirira mamilimita ochepa, timene timayamwadi ndere zamoyo, ndipo mitundu yambiri imasankha mtundu umodzi wokha wa ndere. Timeneti tili kutali kwambiri ndi onse tatchulawa, m'chigawo china cha ufumu chotchedwa Ascomycota, momwe mulinso yisiti wofufumitsa buledi.

Mu 2017 David Hawksworth ndi Robert Lücking anayerekezera kuti padziko pali mitundu ya Fungi pakati pa 2.2 miliyoni ndi 3.8 miliyoni. Imene yapatsidwa maina ndi pafupifupi 150,000 yokha, ndipo yambiri mwa iyo inafotokozedwa kuchokera ku Ulaya ndi ku North America, kumene otola akhala ochuluka kwa zaka mazana. N'chifukwa chake munthu akapeza kabowa ka olenje pa ndere za ku Tsangano asathamangire kukatcha Rickenella fibula chifukwa choti chithunzi cha pa foni chikufanana. Mbiri yonse ya kabowaka ikuonetsa mmene maso okha amanamizira. Mayina a ku Ulaya akhala akumatidwa pa bowa wa ku Africa chifukwa chongofanana, ndipo ndelema wathu anachita kufotokozedwa payekha monga mtundu wa kuno.

Ntchito yoyambirira sifuna chuma chambiri, ndipo wophunzira za ulimi ku Universidade Zambeze ku Ulongué, kapena mphunzitsi wa sekondale ndi ana ake, angathe kuigwira. Jambulani kabowa kali pamalo pake, pamwamba ndi kunsi komwe, mutaika rula pambali. Lembani tsiku, malo, ndi chimene ndere zamerapo, kaya ndi mwala, dothi kapena khungwa. Dulani chipewa chimodzi, muchiike pamwamba pa kagalasi kapena pepala tinthiti titayang'ana pansi, muvundikire ndi kapu usiku wonse. Mmawa mudzapeza kafumbi: koyera kakulozerani ku Rickenella, Mycena kapena Arrhenia, ndipo kofiirira kakulozerani ku Galerina. Totsalato tiumitseni msanga ndi kutentha kochepa, osati pamoto, chifukwa kutentha kwambiri kumawononga DNA, kenako musunge mu envelopu ya pepala pamalo ouma. Zitsanzo zoterezi ndi zimene zimasungidwa m'nyumba zosungiramo zomera zouma, monga za ku Universidade Eduardo Mondlane ndi ku bungwe lofufuza za ulimi la IIAM ku Maputo, kapena ku National Herbarium ku Zomba, kutsidya kwa malire.

Kuchokera pa kachidutswa kouma kotero, labotale imawerenga chigawo cha DNA chotchedwa ITS, chimene akatswiri anagwirizana mu 2012 kuti chikhale chizindikiro chachikulu chozindikirira Fungi, n'kuchiyerekezera ndi zimene ena anawerenga kale. Ngati zapezeka kuti ndi mtundu watsopano, malamulo amafuna kuti pakhale chitsanzo chosungidwa poti ena angakachione, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2013 dzinalo liyenera kulembetsedwa ku imodzi mwa nkhokwe za maina za pa intaneti, MycoBank, Index Fungorum kapena Fungal Names, kuti livomerezeke. Potola musazule kabowa kokha. Dulani ndi mpeni kachigamba ka ndere kamene kameramo n'kuumitsa zonse pamodzi, chifukwa wodzazindikira kabowako adzafunanso kudziwa mtundu wa ndere, ndipo kwa Octospora nthawi zambiri dzina silipezeka popanda zimenezo.